Cholembera Chimene Chinapulumutsa NME

Ine sindigwirizana ndi anzanga ena amene amati kulemba za magitala ndi ng'oma ndi ntchito ya anthu osoŵa chochita. Mboni yanga pa mlanduwu ndi nyuzipepala ya ku London yotchedwa New Musical Express, imene ambiri amangoti NME.

Inayamba kutuluka pa 7 Malichi 1952, Maurice Kinn atagula ndi mapaundi 1,000 kanyuzipepala ka zoimbaimba kamene kanali kayakaya. Pa 14 Novembala chaka chomwecho inasindikiza mndandanda woyamba m'dziko la Britain wa mbale zogulidwa koposa. Percy Dickins ndiye ankaimbira lamya masitolo kufunsa zimene zayenda malonda, ndipo woyamba kukhala pamwamba anali Al Martino. M'zaka za m'ma 1960 inanenepa ndi nkhani za Beatles ndi Rolling Stones.

Koma pofika 1972 zinthu zinali zitavuta. Melody Maker, imene inayamba mu 1926, inali itaitsogolera, ndipo Sounds, yobadwa mu 1970, inali kuilanda aŵerengi. Eni ake anaopseza kuti aitseka. Apa m'pamene pagona nkhani yanga. Mkonzi watsopano, Alan Smith, pamodzi ndi Nick Logan, anakatenga anyamata onga Nick Kent ndi Charles Shaar Murray, omwe ankalemba m'timagazini ta achinyamata osamvera zonena za akuluakulu. Anyamataŵa sankapembedza oimba. Chimbale chikaipa ankanena poyera kuti chaipa, ngakhale mwini wake akhale wotchuka chotani, ndipo chikakoma ankafotokoza pamene pakomera. Aŵerengi anabwerera, nyuzipepala ija niiposa anzake onse. Mu 1976, nyimbo za punk zitayamba kusokosa, inalembanso ntchito Tony Parsons ndi Julie Burchill, mtsikana wa zaka 17 zokha.

Ndikamaŵerenga zolemba za nthaŵi imeneyo ndimachita nsanje. Mnyamata wa ku Leeds kapena Glasgow kaŵirikaŵiri ankayamba waŵerenga za nyimbo asanaimve. Choncho mlembi ankayenera kuliza gitala ndi mawu okha, mpaka woŵerenga atulutse ndalama yake yochepayo kukagula chimbale. Akanama, sabata yotsatira makalata aukali ankamudikira. Kodi ndi angati mwa ife, pamene tikuunika ndakatulo za anzathu, timalimba mtima chotere?

Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Sounds inatsekedwa mu 1991. Melody Maker inamezedwa ndi NME kumapeto kwa 2000. Nayo NME inayamba kugaŵidwa ulere mu 2015, ndipo mu Malichi 2018 inaleka kusindikizidwa sabata ndi sabata. Intaneti inali itapatsa aliyense mwayi wodzimvera yekha nyimbo, osadikira womuuza.

Komabe sindiiŵala kuti mu 1972 nyuzipepala imene inali pakamwa pa manda inadzuka chifukwa mkonzi wina analola achinyamata kulemba zoona, m'chinenero chawochawo. Anzanga alembi, ufulu umenewo ndi umene ndikupempha pa masamba ano.