Arthur Ashe, katswiri wa tenesi

Arthur Ashe anabadwa mu 1943 mumzinda wa Richmond ku America, pa nthawi yomwe mwana wachikuda sankaloledwa kuponda pabwalo la tenesi la azungu. Masewerawa anaphunzirira pabwalo la anthu akuda lomwe bambo ake ankayang'anira, pafupi penipeni ndi nyumba yawo.

Mu 1968 anapata chikho cha US Open, koma ndalama za mphoto sanazigwire poti ankasewera ngati wosalipidwa. Zinapita kwa Tom Okker, yemweyo amene Ashe anamugonjetsa. Mu 1970 anatenga Australian Open. Yosaiwalika ndi Wimbledon ya 1975. Jimmy Connors, yemwe ankapikisana naye, ankakonda mpira waliwiro, ndiye Ashe anangomupatsa timipira tofewa, totsikira pansi, mpaka mnzakeyo anasowa mtengo wogwira. Kufikira lero, palibe mwamuna wina wachikuda amene anatengapo chikhochi pa masewera a mmodzimmodzi.

Boma la tsankho la South Africa linamukaniza kangapo kulowa m'dzikolo, koma pamapeto pake anakasewerako mu 1973. Matenda a mtima anamusiyitsa tenesi mu 1980. Kachilombo ka HIV anakatengera m'magazi omwe anamuthira kuchipatala, ndipo anamwalira pa 6 February 1993 ali ndi zaka 49.