Musanagule mahedifoni odula

Anzanga okonda nyimbo, musanatulutse ndalama zambiri pogula mahedifoni, dzifunseni kaye kuti muzikamvera kuti. Ngati ndi mu minibasi kapena mu ofesi yaphokoso, Sony WH-1000XM5 kapena Bose QuietComfort ndiye anu. Ali ndi timaikolofoni tomwe timamva phokoso lakunja, kenaka amatulutsa mawu olimbana nalo, phokosolo n'kuzilala. Koma ngati mumamvera muli phee kunyumba, Sennheiser HD 600, omwe anatuluka mu 1997, akutchukabe mpaka lero. Kumbuyo kwake n'kotsegula, ndiye gitala ndi ng'oma zimamveka motakasuka. Kungoti amene wakhala nanu pafupi amamva zonse, komanso foni payokha imavutika kuwapatsa mphamvu yokwanira.

Dziwaninso kuti mahedifoni abwino sabisa chilema. Nyimbo ya mp3 yofinyidwa kwambiri imveka zokhumudwitsa kuposa kale.

Yesani musanalipire, ndi nyimbo yomwe mumaidziwa bwino, ndipo muwavale kanthawi muone ngati sakukupanani mutu.

Chonde samalaninso makutu anu. Bungwe la WHO limalangiza kuti wamkulu asapitirire ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata. Khutu likagontha ndi phokoso silichiranso.