Mpando wopatsa pathupi pa bala ya kuphanga

Inu amene mudalowa m'banja posachedwapa, komanso inu makolo amene mwakhala mukuwerenga miyezi kuyambira tsiku la ukwati wa ana anu, takhalani pansi ndikuuzeni za malo ena omwera mowa omwe ndidakawaona ku Mangalande. Musathawe poti ndatchula mowa. Nkhaniyi ikukhudza mabanja anu omwewo.

Ndidapita kumeneko kukaona mwana wa mlongo wanga, yemwe ndi namwino mumzinda wa Nottingham. Iyeyu ndi mwamuna wake atha zaka zisanu ali m'banja koma mphatso ya mwana sadaione. Ndiye ponyamuka kuno, mlongo wangayo adandisenzetsa uthenga.

"Achimwene, mwini mbumba ndinu. Mukamufunse mwanayo kuti chikuvuta n'chiyani. Kuchimuna kwayamba kumveka mawu," adatero.

Mawu ake mukuwadziwa kale. Ena ankati mkaziyo ndi chumba, ena ankati akumwa mankhwala olera pofuna kusunga ntchito.

Masiku anayi adatha uthengawo uli pakhosi, osatuluka. Loweruka masana mkamwini adati: "A malume, tiyeni tikakuonetseni bala yomwe ili m'phanga." Ndidadodoma. Kwathu kuno kumwera limodzi ndi mkamwini si chinthu chapafupi. Komabe poti kuyenda n'kuona, ndidavala jekete, tonse atatu ulendo.

Malowa dzina lake ndi Ye Olde Trip to Jerusalem. Ali m'munsi mwa chithanthwe chachikulu chomwe pamwamba pake pali Nottingham Castle, kufupi ndi chiboliboli cha Robin Hood. Mukaima panja mumangoona kanyumba kopaka penti woyera, kotsamira thanthwelo ngati nkhalamba yotopa ndi ulendo. Pakhoma adalembapo zilembo zakuda zikuluzikulu zonena kuti imeneyi ndi nyumba ya alendo yakale kuposa zonse mu England, n'kuikapo chaka cha 1189.

Chakacho ndi chomwe Richard I adalowa ufumu. Nkhani imati asilikali opita kunkhondo ya ku Jerusalem ankapumula pamenepa n'kunyowetsa kukhosi. Koma akatswiri a mbiri yakale amakaika. Iwo amati nyumba yomwe ilipoyi idamangidwa m'zaka za m'ma 1600, ndipo dzinali lidayamba kupezeka m'zolembedwa mu 1799. Mumzinda womwewo mulinso malo ena awiri omwera mowa, Bell Inn ndi Ye Olde Salutation Inn, omwe nawo amalimbirana ukulu womwewu. Mwaonatu, mkangano woti wamkulu ndani suli kumudzi kwanu kokha.

Mukalowa m'katimo mumazindikira kuti kanyumba koyera kaja ndi khomo chabe. Zipinda zina si zomanga ndi njerwa ayi, n'zogoba m'thanthwe. Mwala wake ndi wamchenga, wofewa, moti ukaukhudza timchenga timatsalira m'manja. Pansi pa mzinda wa Nottingham pali mapanga oposa 800, onse ogobedwa ndi anthu. Ena ankafululiramo ndi kusungiramo mowa kaamba koti m'phanga simutentha kapena kuzizira kwambiri, chaka chonse n'chimodzimodzi. Amayi ofulula masese akudziwa chimene chimachitika mbiya ikakhala pamalo otentha.

Tidapeza anthu ali pikitipikiti: achikulire, achinyamata, alendo ojambula zithunzi, ena akudya chakudya chamasana ndi mabanja awo. Phokoso la wailesi logonthetsa m'khutu lija kudalibe. Munthu umamva zimene mnzako akunena.

Kumeneko palibe wobwera kudzakufunsa patebulo. Umapita wekha pakauntala n'kulipiriratu. Mkamwini adandigulira mowa wotchedwa Olde Trip, womwe udatenga dzina la malowo. Mowawu suchokera m'botolo. Mtsikana wogulitsa adagwira chogwirira chachitali n'kumachikoka pang'onopang'ono ngati akupopa pamjigo, mowawo ukukwera kuchokera mumgolo womwe uli m'phanga la pansi. Muyezo wake amautcha pint, mamililita 568, kuposa pang'ono theka la lita. Mwini wake adatenga theka la muyezowo, pomwe mwana wathu uja adasankha madzi a malalanje.

Mowawo ndi wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, kathovu pang'ono pamwamba. Nditalawa ndidakwinya nkhope. Ife tidazolowera wa m'botolo, wozizira mpaka mano kuwawa, wothetheka palilime. Uwu ayi. Ndi wozizirira chabe ngati madzi a mumtsuko, ndipo mpweya ndi wochepa. Poyamba umamva kutsekemera kwa chimera cha balere, kenaka kuwawa kwa chomera china chotchedwa hops kumatsalira kukhosi. Pofika pakati pa tambula ndidayamba kuumvetsa. Si mowa wogugudiza umenewu. Mphamvu yake ndi 4.3 peresenti, ndipo umafuna munthu woti akamwa pang'ono aike tambula pansi, acheze.

M'chipinda china tidapeza anthu akusewera ndi kamphete kachitsulo komangirira kuchingwe cholendewera kudenga. Umakakankha kuti kazungulire n'kukakola panyanga yokhomedwa kukhoma. Ndidayesa kasanu osaphula kanthu, azungu ali m'manja wombewombe kundilimbitsa mtima.

Titakwera masitepe opapatiza tidafika m'chipinda chapamwamba, nachonso cha m'thanthwe. Mmenemo muli kachombo kamatabwa kotsekeredwa m'bokosi la galasi, kali mbuu ndi fumbi komanso ulusi wa akangaude. Akuti anthu amene adayesa kukapukuta adafa imfa zosadziwika bwino, choncho palibe amene amakakhudza. Ndidaseka chikhakhali. Ine ndinkayesa zikhulupiriro zotere n'zathu zokha.

Kenaka mwana wathu uja adandikoka dzanja.

"A malume, tabwerani muone ichi."

Udali mpando wakale wamatabwa, wakuda ndi ukalamba. Akuti mayi akaukhalira amatenga pathupi. Ambiri adaukhalira mpaka udafooka, moti masiku ano ndi wongoona ndi maso.

"Mukabwerera kumudzi mukawauze amayi kuti ngakhale mpando wa azungu ndidauona," adatero uku akuseka, koma misozi ili lengelenge.

Apo ndidadziwa kuti uthenga womwe ndinkabisa uja adali ataununkhiza kalekale. Tidapeza pokhala pakona. Mkamwini adazunguza tambula yake patebulo kanthawi, kenaka adayankhula.

"A malume, musavutike n'kufunsa. Tidapita kuchipatala tonse awiri, adatiyeza. Mkazi wangayu alibe vuto. Vuto lili kwa ine, mbewu yanga ndi yochepa mphamvu. Tikulandira chithandizo, n'chifukwa chake mukuona ndikumwa theka lokha. Zaka zonsezi wakhala akundibisira chinsinsi, kulolera kuti azinyozedwa iyeyo. Zanditopetsa."

Ndidayang'ana denga lamwala lija, chonena kusowa. Ndakhalapo pa milandu yambiri ya mabanja monga nkhoswe, koma ndidali ndisadamvepo mwamuna akutulutsa mawu otere ndi pakamwa pake, pamaso pa akuchikazi. Tsiku limenelo ndidamupatsa ulemu mwana wa eni ake uja.

Ndiye tamverani, abale anzanga. Mu 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 6 aliwonse amakumana ndi vuto losowa mwana nthawi ina pamoyo wake, m'maiko olemera ndi osauka omwe. N'chifukwa chake azungu ali ndi mpando wawo, monga momwe ife tilili ndi zitsamba, asing'anga ndi afisi. Munthu wosowa mwana amagwira paliponse. Koma mwaona kuti ngakhale kumeneko, woukhalira mpandowo ndi mayi? Wa abambo sindidauone. Chonsecho vutoli silisankha, limapezeka kwa mkazi, kwa mwamuna, nthawi zina kwa onse awiri.

Inu achinyamata, madokotala amalangiza kuti mukatha chaka mukuyesa osaona kanthu, pitani kuchipatala, ndipo mupite nonse awiri. Abambo musamangotuma mayi. Kuyeza mwamuna n'kosavuta poyerekeza ndi kuyeza mkazi. Dziwaninso kuti uchidakwa ndi fodya zimafooketsa mbewu ya abambo. Amene amachezera ku bala usiku ndi usiku asamadabwe kubala kukavuta. Ndipo zotsatira zikatuluka, musamusiye mnzanu kusenza yekha mtolo wa manyazi omwe si ake.

Nanu makolo, funso loti "nanga mdzukulu tidzamuona liti?" kwa inu ndi nthabwala, koma kwa anawo ndi munga. Simudziwa zimene akudutsamo kuchipinda kwawo. Ena adapita padera kangapo osakuuzani, ena ndalama zikuthera kuchipatala. Musathamangire kuloza chala mwana wa mnzanu, pakuti mwina vuto lili mwa wanu yemweyo. Mabanja ambiri adasweka chifukwa cha milomo ya achibale, eni ake akadakondana.

Tidatuluka m'phangamo dzuwa litapendeka, kunja kukuzizira. Ine ndidamwa tambula imodzi yokha, ndipo idandikwana. Awiriwo adatsogola atagwirana manja, ine pambuyo.

Nditabwerera kuno mlongo wanga sadadikire n'komwe kuti ndivule nsapato. "Nanga mwamva zotani?" Ndidamuyankha kuti ana aja ali bwino, akukondana, tiwasiye. Zinazo sidali nkhani yanga yoti ndiulule. Patatha sabata ziwiri mkamwini adaimbira foni mayi ake n'kuwauza yekha zoona zake. Kuyambira pamenepo mawu aja adazilala. Mwana sadabwerebe mpaka lero, koma banja lilipo.

Mukadzapezeka ku Nottingham, kafikeniko ku Ye Olde Trip to Jerusalem. Mupite masana, ndipo mutengane ndi akunyumba kwanu. Ngati mumamwa, kalaweni wa mumgolowo modekha. Kachombo kaja musakakapukute. Mpandowo kauoneni, mukajambule chithunzi, koma chiyembekezo chanu musakachisiye pamenepo.