Kusankha Koleji Yoyenera Mwana Wanu

Ine ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya pulaimale ya kumudzi, ndipo ndagwira choko zaka zoposa 20. Ana ambiri amene ndinawaphunzitsa kulemba maina ao tsopano atsiriza Folomu 4. Mayeso akatuluka makolo ao amandipeza ndi pepala m'manja, nati, "Aphunzitsi, mwana uyu timtumize kuti?" Funso ili ndi lolemera, pakuti m'mbuyo mwake muli mbuzi zimene zidzagulitsidwa, nkhokwe imene idzapungulidwa, ndi zaka za mwana zimene sizidzabweranso. Chifukwa chake ndalembera inu, abale anga, amene mwaphunzira kuwerenga muli akulu, kuti mudziwerengere nokha zimene ndimauza anzanu.

Kale njira inali imodzi. Yunivesite ya Malawi inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kwa zaka zambiri panalibe ina. Lero Boma lili ndi mayunivesite 6. Ku Zomba kuli Yunivesite ya Malawi, ndipo kumpoto kuli ya Mzuzu. Ya LUANAR ku Bunda iphunzitsa za ulimi, ya MUST ku Thyolo iphunzitsa za sayansi. Mu 2021 kunabadwa ziwiri: MUBAS, imene kale tinkaitcha Polytechnic, ndi KUHeS, ya madokotala ndi anamwino. Palinso makoleji a mipingo ndi a anthu wamba. Njira zikachuluka, wapaulendo ayenera kuima pamphambano ndi kuganiza.

Choyamba, yang'anani mwanayo. Ife makolo timakonda kusankha ntchito imene imveka bwino pamaso pa anansi. Atate afuna dokotala, amai afuna loya, koma mwana safunsidwa. Tengani pepala la mayeso muliwerenge pamodzi naye. Pa mayeso a MSCE nambala yaing'ono ndiyo yabwino: 1 ndiko kupambana kwambiri, 9 ndiko kulephera. Wofuna malo ku yunivesite ya Boma ayenera kupeza nambala za pakati pa 1 ndi 6 m'maphunziro 6, ndipo limodzi likhale Chingelezi. Tsono ngati masamu ndi sayansi zinamkanika mwana, musamkakamize za udokotala. Mudzamlemetsa ndi katundu amene mutu wake sungasenze.

Musanyozenso ntchito za manja. Ndinali ndi mnyamata m'kalasi mwanga amene Chingelezi chinkamvuta, koma benchi ikathyoka iye ndiye ankaikonza. Anapita ku sukulu ya ntchito za manja, ndipo lero akhoma madenga ndi kulipira anyamata atatu. Sukulu zotere zilipo ku Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo kumeneko aphunzira ukalipentala, kumanga, zamagetsi ndi kukonza galimoto. Wokonda ana apite ku koleji ya aphunzitsi, monga ya Kasungu kumene ndinaphunzira ine. Ntchito ili yonse imene munthu aigwira ndi mtima wake wonse imdyetsa.

Chachiwiri ndicho chachikulu koposa: kodi kolejiyo ndi yovomerezeka? Pano ndinena zimene ndinaona ndi maso anga. Mkulu wina wa m'dera lathu anagulitsa ng'ombe ziwiri natumiza mwana wake wamkazi ku koleji ina ya m'tauni. Anaikonda chifukwa cha chikwangwani chachikulu ndi mau okoma a pa wailesi. Mtsikanayo anaphunzira zaka ziwiri mwakhama, nalandira satifiketi ya zilembo zagolide. Koma pokafuna ntchito anamuuza kuti pepalalo Boma sililidziwa. Ng'ombe zinapita, zaka zinapita, ndipo mkulu uja mpaka lero sakonda kuti nkhaniyi ikambidwe. Akulu ananena zoona: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsoka lotere lingapeweke. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lokhazikitsa bungwe la NCHE, limene ntchito yake ndiyo kuyendera makoleji ndi kuvomereza oyenera. Bungweli limafalitsa maina a makoleji ovomerezeka, ndiponso ndilo lilandira makalata a ofuna malo ku mayunivesite a Boma. Za ntchito za manja ayang'anira ndi a TEVETA, ndipo za unamwino ayang'anira ndi a bungwe la anamwino ndi azamba. Musanalipire ngakhale tambala imodzi funsani mafunso awiri. Kodi koleji iyi ndi yovomerezeka? Nanga maphunziro amene mwana wanga afuna ndi ovomerezekanso? Pakuti zitheka kuti koleji yaloledwa, koma phunziro lina m'menemo silinaloledwe. Akakuyankhani ndi pakamwa pokha, apempheni akuonetseni kalata. Woona mtima sadzakwiya.

Chachitatu, werengani ndalama za zaka zonse. Ambiri awerenga fizi ya chaka choyamba chokha, naiwala chakudya, malo ogona, mabuku ndi ulendo wa pa tchuthi. Maphunziro a digiri amatenga zaka 4, ena kuposapo. Munthu wanzeru sayamba kuumba njerwa asanadziwe kumene kudzachokera denga. Khalani pansi ndi abale, amalume a mwana akhalepo, ndipo ali yense anene poyera chimene angathe kupereka chaka ndi chaka. Kuli bwino kutsiriza maphunziro a zaka ziwiri kusiyana ndi kulekera panjira a zaka 4. Kuyambira 2015 pali bungwe la Boma lokongoza ndalama ophunzira osauka a m'makoleji ovomerezeka. Mwana wanu apemphe, koma adziwe kuti ndi ngongole, ndipo adzaibweza akatsiriza.

Chachinai, pitani mukaone nokha. Ndalama ya basi ndi yochepa poilinganiza ndi ng'ombe. Lowani m'kalasi, muone ngati muli mipando ndi mabuku. Ngati aphunzitsa zamagetsi, zipangizo zili kuti? Ngati mwana wanu ndi wamkazi, onani kumene adzagona, ndi kutalika kwa njira imene adzayenda madzulo. Pambuyo pake funani munthu amene anatsiriza pa kolejiyo, mumfunse chimene achita tsopano. Iye adzakuuzani zimene chikwangwani sichinena.

Ena a inu muchita manyazi, muti, "Ine ndangophunzira kuwerenga dzulo, ndingafunse chiani kwa anthu ophunzira?" Iai, abale anga. Pogula mbeu kumsika mumaifukula mpaka pansi pa thumba, ndipo wogulitsa sakunyozani. Nzeru yomweyo ikwanira pano. Ndalama ndi zanu, mwana ndi wanu, ndipo tsopano maso anu atha kuwerenga kalata ili yonse imene angakuonetseni. Pamene mwakaika, pitani kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kwanu. Safunsa anadya phula.