Chidindo cha Mdzukulu ndi Linga la Fort Manning

Mnyamata wina wa kwa Mkanda atasankhidwa kukhala wapampando wa komiti ya chitukuko m'mudzi mwao, anathamangira ku Mchinji Boma kukadulitsa chidindo. Agogo ake aamuna anatsagana naye poti anali ndi ulendo wa kuchipatala.

"Agogo, chidindochi chikangofika kumudzi, onse ojomba kuumba njerwa za sukulu andiona," anatero mnyamatayo.

Nkhalambayo inayamba yafwenkha fodya, kenaka inafunsa: "Kodi iwe mdzukulu wanga, mawu akuti boma ukuwadziwa chiyambi chake?" Mnyamatayo anapukusa mutu.

Boma ndi mpanda, linga lobisalamo asilikali. Malo ano kale ankatchedwa Fort Manning, kutengera dzina la William Manning, msilikali wa Chingerezi amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Mu Januwale 1898 asilikali a atsamunda anathira nkhondo Angoni a Mpezeni kutsidya kwa malire, kumene azungu ankayembekeza kupeza golide. Mikondo inalephera pamaso pa mfuti. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo Nsingo, mwana wa mfumu amene anatsogolera nkhondoyo, anaomberedwa. Mpezeni mwini, ali wokalamba kale, anasungidwa m'linga la kuno pafupifupi chaka chathunthu.

Apa ndiye agogo aja anakhazikikapo. Mwini linga anali ndi mfuti, makiyi ndi zidindo. Wandendeyo analibe ngakhale khola. Koma atsamunda anamubweza kwao, nakhalanso mfumu mpaka imfa yake mu 1900. Mfuti inatha kugonjetsa Angoni, koma sinathe kuwauza woti azimumvera. Mwambo wa Nc'wala, umene unazima nkhondo itatha, unadzukanso mu 1980, ndipo anthu amasonkhana ku Mtenguleni mwezi wa Febuluwale popanda wowakusa ndi chikoti. Maina a Fort Manning ndi Fort Jameson anapita ndi eni ake. Anatsala ndi Mchinji ndi Chipata.

"Komatu usamuyese Mpezeni mngelo," anachenjeza agogowo. "Kwa ife Achewa a kwa Mkanda iyenso anabwera ndi nthungo. Makolo athu ankamuopa, osati kumukonda. Munthu mmodzi yemweyo akhoza kukhala mthunzi kwa ena, kwa ena nkukhala linga."

Nchifukwa chake pabwalo la Chichewa samangapo mpanda. Mfumu imasankhidwa ndi mbumba, ndipo tsiku loilonga imakhala chete, maso pansi, akuluakulu akuilangiza ngati namwali. Pamlandu imayankhula pomalizira, nduna ndi eni nkhani atatha kukhuthula zakukhosi. Maliro akagwa usiku, khomo loyamba kugogodwa ndi lake. Njala ikavuta, ana amasiye amaloza nkhokwe yake. Paja akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Masiku ano, tinene zoona, ambiri akufuna mutu waukulu, nkhonyazo nkumalozera anzao.

Chidindo chinadulidwa ndithu, ndipo mnyamatayo anachikulunga m'kapepala nachiika m'thumba. Ali m'njira yobwerera anafunsa motsitsa mawu: "Nanga ojombawo ndiwatani, agogo?"

"Iweyo chaka chatha unaumba njerwa zingati?"

Mnyamatayo anayang'ana kumbali.

"Chikombole changa chili kuseri kwa nkhokwe," anatero agogowo. "Ukachitsuke madzulo ano. Kudambo anthu amafikako tambala wachiwiri akalira."