Galimoto zopita kwathu

Lolemba lina m'mwezi wa Juni, kukuzizira moti sipanala imaluma m'manja, kunabwera Land Cruiser 79 yoyera ya zitseko zinayi, mipando idakali m'mapulasitiki. Mwini wake, mzungu wa ku Pretoria, anayala mapu pa boneti n'kuyamba kuyendetsa chala. Kuchoka Johannesburg, kulowa Botswana, Nata, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Kazungula umene adautsegula mu 2021, Livingstone, Lusaka. Kenako chala chija chinakhotera kum'mawa kutsata Great East Road, n'kudutsa Chongwe, Chinyunyu, Rufunsa osapuma, mpaka Chipata ndi Mfuwe. Pakhomo pa amayi anga anapadutsa ndi chikhadabo.

"Pano palibe choona," anatero m'Chingerezi. "Mapiri ndi tchire basi."

Ndinangoti chabwino bwana, n'kupita kukatenga zida.

Ndatha zaka zisanu ndi zitatu m'galaja imeneyi kum'mawa kwa Johannesburg, ndipo ntchito yathu ndi imodzi: kutenga galimoto yabwinobwino n'kuisandutsa nyumba. Timayamba pansi. Masipuling'i ndi mashoko a kufakitale timachotsa, n'kuika olimba amene amakweza galimoto masentimita asanu kapena kuposerapo pang'ono. Kutsogolo timamanga bampala yachitsulo, m'kati mwake winch. M'mbali mwa galasi mumakwera chipaipi chakuda chija amati snorkel, chimene anthu ambiri amayesa n'chowolokera mitsinje chabe, pomwe phindu lake la tsiku ndi tsiku n'kukoka mpweya pamwamba, kutali ndi fumbi la matayala. Kumbuyo timakhoma madilowa, firiji, batire lachiwiri kuti mowa uzizire usiku wonse popanda kupha batire loliza injini, thanki ya madzi, thanki ina ya dizilo, kapampu kopopera matayala. Padenga tenti yopinda, makwerero ake, ndi chinsalu chotambasula kuti pakhale mthunzi.

Zimenezi zimalemera, ndipo apa m'pamene ndimakangana ndi makasitomala. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, zimenezo sizisintha ngakhale munthu alemere bwanji. Tenti yokha imakwana makilogalamu 60 kapena kuposa, ndiye yakhala pamwamba penipeni, pamene imachititsa galimoto kupendama pokhota. Munthu akamaliza kugula zonse za m'kabuku ka zithunzi, wadya kale gawo lalikulu la katundu amene galimotoyo iyenera kunyamula, iye ndi mkazi wake asanakwere. Ndimawauza kuti pa mchenga chimene chimapulumutsa si injini yaikulu koma kuphwetsa matayala, kutsitsa mpweya mpaka 1.5 bar kapena kucheperapo kuti tayala ligone ngati phazi la njovu. Ena amamva. Ena amagulabe nyali zina zinayi.

Koma ndikamamanga mabawuti pansi pa galimoto, maso ali ku chitsulo, mtima umakhala uli pa msewu wa kwa Shikabeta.

Rufunsa ndi dziko la Asoli, la mafumu atatu: Mpanshya, Bunda Bunda ndi Shikabeta. Ndili mwana tinkawerengedwa ku Chongwe. Boma lathulathu tidalipeza nthawi ya Pulezidenti Michael Sata. Tala ndi mmodzi yekha, wochokera ku Lusaka kupita ku mlatho wa Luangwa umene adaumanga mu 1968. Ukangopatuka pa tala ameneyo, kaya kumpoto kutsikira ku Lunsemfwa, kaya kumwera kulowera kumapiri a kuseri kwa Lower Zambezi National Park, wayamba ulendo umene anthu a kuno amaulipirira ndalama zogulira nyumba. Ife sitinkadziwa kuti ndi masewera. Tinkangoti tikupita kumudzi.

Amalume anga anali ndi Land Rover yakale yopanda mawindo kumbuyo, imene inkanyamula chimanga, odwala opita ku chipatala cha mishoni cha St Luke's kwa Mpanshya, mbuzi, akwati, nthawi zina maliro. Nayonso inali yokonzedwa mwapadera, kungoti m'njira ya kwathu. Masipuling'i akumbuyo adawonjezeramo zitsulo ziwiri zochotsa pa lole yakufa, n'kukulunga ndi malegeni. Zida zake zinali nkhwangwa, khasu, jeke, pampu ya njinga, chigubu cha madzi ndi mtanda wa sopo. Sopoyo sanali wosambira: thanki ikabooka pa mwala, ankamufewetsa ndi malovu n'kumata pobookapo. Rediyeta ikayamba kudontha ankathiramo kaufa pang'ono. Tayala likaphulika kachitatu, zigamba zitatha, tinkalipakira udzu n'kumakwawa mpaka kufika pa anthu. Sindikunena kuti nzeru zimenezi zimaposa zida zimene ndimagulitsa lero. Ufa umatseka ndi timipata tosafunika kutsekedwa, ndipo injini ija idafa ndi kutentha. Koma idafa itagwira ntchito zaka zambiri.

Chaka china mu Febuluwale, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, tidatitimira pa dambo mpaka m'zitseko. Mvula inali itagwa masiku atatu. Amalume anazimitsa injini, anatsika, anayang'ana matayala, n'kundiuza kuti, "Mphwanga, thamanga ukauze a nyakwawa kuti alendo agwa m'matope." Sipanathe ola, amuna oposa khumi anali atafika ndi nkhwangwa zawo. Wina anabwera ndi ng'ombe ziwiri zili m'goli. Anadula mitengo, anatola miyala, kukweza tayala limodzi ndi jeke, kuyala pansi, kutsitsa, kupita ku lina. Dzuwa linalowa tisanamalize. Amayi ena amene sitinkawadziwa n'komwe anatibweretsera nsima ya bowa ndi chibwabwa m'mbale zovundikira, ndipo tinagona pomwepo, ine pa matumba, akuluakulu mozungulira moto, achule akusokosa dambo lonse. Kutacha ng'ombe zinakoka, anthu anakankha akuimba, galimoto inatuluka ngati dzino. Amalume anasiya thumba la mchere ndi fodya.

Winch imene ndimamanga pa bampala imakoka matani anayi kapena kuposa, koma imafuna mtengo woti uikolekepo, ndipo pakati pa dambo sipamera mtengo. Ndimawafotokozera zimenezi eni galimoto, n'kuwaonetsa mmene angakwirire tayala lapadera m'dothi kuti likhale chokokerapo. Chimene sindiwauza, poti sichili m'kabuku, n'chakuti akangodikira pang'ono atulukira ana, kenako abambo awo. Kwathu kulibe tchire lopanda mwini. Pamene mapu akuonetsa pobiriwira popanda dzina pali munda wa munthu, manda a agogo ake, njira yopita ku chitsime. Choyamba n'kupereka moni, ndipo kwa akulu umaomba m'manja.

Amayi amaziona galimoto zimenezi. Nyengo yachisanu amakhala m'mbali mwa tala ndi beseni la mbatata ndi nthochi, ndipo zimadutsa zitatu kapena zinayi motsatana, magalasi otseka, mafosholo ndi zigubu zili padenga. Tsiku lina pa foni anandifunsa.

"Kodi mwanawanga, akamba amene amasenza nyumba pamsanawa, ndiwo umapanga iwe?"

"Ndi omwewo, amayi."

"Nanga amakafuna chiyani kuthengo? Kwawo kulibe pogona?"

Ndinayesa kufotokoza kuti amafuna bata, nyenyezi, kumva fisi akulira usiku. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati fisi yemweyo adawadyera mbuzi ziwiri mwezi wathawo, akamufuna abwere adzamutenge ulere. Kenako mawu anatsika. "Iwe ubwera liti? Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka." Ndinati Disembala. Ndakhala ndikunena Disembala kuyambira 2020. Poyamba anali matenda a korona aja adatseka malire, kenako mapepala, kenako fizi ya ana a mlongo wanga. Basi yochoka kuno kukafika ku siteshoni ya Intercity ku Lusaka si yodula kuposa nyali imodzi mwa zimene ndimamanga pa bampala, koma munthu sufika kumudzi manja ali lende.

Land Cruiser ija tinaimaliza m'masabata awiri. Poipereka ndinachita chimene sindichita kawirikawiri: ndinatenga pensulo n'kulemba pa mapu a bwana uja. Apa pa Chinyunyu pali akasupe a madzi otentha pafupi ndi msewu, muime muone nthunzi m'mawa. Apa muthire dizilo musanachoke ku Chongwe. Apa ndi pa Manenekela, msewu umapota m'mapiri ngati njoka yomenyedwa, mutsike ndi giya yaing'ono, musadalire mabuleki, galimoto yanu yalemera tsopano, ndipo malole amafera pamakona. Apa pa Luangwa pali msika wa nsomba zowamba, madengu ndi mphasa. Anandiyang'ana modabwa n'kufunsa ngati ndidafikako. Ndinati ndidabadwira pamene chala chanu chidadutsa paja. Anachita manyazi pang'ono, munthu wabwino ndithu, ndipo anafunsa ngati pali choti akasiye. Ndinaganiza za bulangete, za shuga, za foni yatsopano. Koma ndikanamulozera bwanji? Pa mtengo wa mkuyu, kupitirira tchalitchi, mufunse amayi ake a uje? Ndinati ayi bwana, muyende bwino.

Inabwerako pakutha pa Julayi kuti tiione ngati zonse zili m'malo. Mabawuti awiri a tenti anali atamasuka, shoko imodzi ikudontha mafuta, winch sinagwirepo ntchito, chingwe chake chili choyera ngati tsiku limene ndinachikulunga. Mwini wake anati pa Manenekela anamva fungo la mabuleki n'kukumbukira mawu anga. Anati pa Chinyunyu anafika mochedwa, sanaime.

Atapita kukamwa khofi ndi abwana athu, ndinatsegula boneti. M'zipsepse za rediyeta munali akashembe ouma ndi timasamba ta tsanya. Pansi pa mpando wa dalaivala ndinapeza njere za masau zisanu ndi imodzi, zopsipidwa bwinobwino, ndiye kuti pa Luangwa pokha anaima. Ndinamasula fyuluta ya mpweya n'kuigogoda pa simenti, ndipo panatsika fumbi lofiirira, losalala ngati ufa wa mawere. Ndikudziwa kuti linali losakanizika, la Botswana, la Mfuwe, la paliponse. Ndinalitapabe ndi zala n'kulinunkhiza. Mnyamata wa ku Mzimba amene timagwira naye ntchito anandipeza nditanjuta pomwepo.

"Achimwene, mwataya chiyani?"

"Palibe. Tandipatsira tsache."

Njere zija ndinaziika m'thumba la ovolosi.