Injini Ikazima Mumlengalenga

Teremu yapitayi ndinatsala pang'ono kulongedza katundu wanga ndi kubwerera kwathu. Pemphero silinkandikomanso, mayeso a masamu ndinalephera, ndipo belu la m'mawa likalira mtima unkangoti myuu. Chimene chinandibweza ndi nkhani ya ndege imene aphunzitsi athu a sayansi anatisimbira.

Pa 5 Malichi 2015, Harrison Ford, katswiri wa mafilimu wa ku America, ananyamuka pa bwalo la ndege la Santa Monica akuyendetsa yekha kandege ka injini imodzi, kopangidwa mu 1942. Atangokwera pang'ono, injini inazima. Anayesa kubwerera koma sanafike. Kandegeko kanawomba mtengo nkukatera pa bwalo la gofu la Penmar. Mkuluyu anavulala kwambiri koma anapulumuka. Ofufuza anapeza kuti kachitsulo kena ka mu kabuleta kanamasuka, mafuta nkuchuluka mu injini.

Ine ndinafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga bwanji sanagwe ngati mwala?" Iwo anati chimene chimanyamula ndege ndi mapiko, injini imangoikoka. Ndege yaing'ono monga Cessna 172, injini itazima, imauluka mamita pafupifupi 9 kutsogolo pa mita iliyonse imene yatsika. Choopsa ndi mantha. Woyendetsa akaona nthaka ikuyandikira amafuna kukweza mphuno ya ndege. Akatero liwiro limatha, mapiko amaleka kugwira mphepo, ndipo ndege imagwadi. Wophunzira bwino amaweramitsa mphunoyo, nasankha munda kapena msewu woti aterepo, kenaka ndi pamene amaitana anzake pa wailesi. Izi amaziyeserera kambirimbiri injini idakali yamoyo.

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinazindikira kuti inenso ndinali kukweza mphuno, kunamizira kuti zonse zili bwino poopa kuti anzanga andiseka. M'mawa mwake ndinapita kwa Abambo otilangiza pa zauzimu ndi kuwaululira zonse. Sanandikalipire. Anati ndisaleke kupemphera ngakhale mtima utauma, ndiponso ndipemphe mnzanga wa Folomu 4 kuti azindithandiza masamu. Kupemphako kunandichititsa manyazi, koma ndinapempha, ndipo lero ndikadali pano.

Anzanga aseminale, injini ya mtima imazima ndithu, ngakhale kwa mnyamata wokonda Misa. Ikazima musathamangire kulongedza sutikesi. Weramani, nenani zoona kwa akuluakulu, ndipo mapemphero amene munazolowera pa masiku abwino adzakunyamulani. Paja akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.